Phiri la akachisi oposa 800 komwe sikugona munthu

Dzuwa likayamba kupendeka ku Palitana, tauni ya m'chigawo cha Gujarat kumadzulo kwa India, pamwamba pa phiri la Shatrunjaya pamayamba kutha anthu. Osesa amalongedza matsache, ansembe amatseka zitseko, aliyense n'kuyamba kutsetsereka. Pamwambapo pali akachisi oposa 800, aakulu ndi aang'ono, othithikana m'mipanda ngati mzinda weniweni. Koma lamulo lake n'lakuti usiku pasagone munthu, ngakhale wansembe amene. Eni ake amati mzindawo ndi wa oyera, munthu amangobwerako kudzacheza basi.

Eni akewo ndi Ajaini, anthu a chipembedzo chimene ambirife sitinachimvepo bwinobwino. Ndakhala ndikuwerenga za mapiri awo opatulika, ndipo chinthu chimodzi chakhala chikundizunguza mutu. Masiku ano tikafika pamalo okongola timafuna tibwereko ndi kanthu, kaya chithunzi cha pa Facebook, kaya kavidiyo ka TikTok, kaya dalitso. Mjaini amakwera phiri ndi cholinga china: akufuna akatule. Kusiyana kumeneku kunafika poyambitsa mkangano waukulu ku India mu 2023, moti amonke awiri anamwalira akusala kudya. Tifikako, koma tiyambe ndi kuwadziwa anthuwa.

Kodi Ajaini ndi ndani?

Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti ku India kuli Ajaini pafupifupi 4.5 miliyoni, omwe ndi anthu anayi okha pa 1,000 alionse a m'dzikolo. Ndi ochepa, koma chipembedzo chawo n'chakalekale. Mphunzitsi wawo womaliza, Mahavira, anakhalako nthawi imodzi ndi Buddha, ndipo mwambo wawo umati anamwalira m'chaka cha 527 Yesu asanabadwe.

Mahavira ndi wa nambala 24 pa mndandanda wa aphunzitsi otchedwa Tirthankara. Liwuli n'lofunika kulimvetsa. Tirtha ndi malo owolokera mtsinje, pamene madzi amalekeza m'maondo. Tirthankara ndiye munthu amene anapeza powolokera n'kusonyeza ena. Mtsinje wake ndi moyo uno wobadwa, kufa, n'kubadwanso mobwerezabwereza. N'chifukwa chake malo awo opatulika nawonso amatchedwa tirtha, kutanthauza powolokera.

Ajaini sakhulupirira kuti kuli Mulungu amene analenga dziko. Amati chamoyo chilichonse chili ndi mzimu, kuyambira munthu, ng'ombe, nyerere mpaka tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'madzi, ndipo ukavulaza chamoyo mzimu wako umamatidwa ndi zoipa monga momwe fumbi limakakamirira pa thupi lodzola mafuta. Apa ndi pamene pachokera lamulo lawo lalikulu la ahimsa, kusavulaza chamoyo. Nyama sadya, mazira ayi. Okhwima pa chipembedzo sadya mbatatesi, anyezi ndi adyo, poti pozula mbewu za pansi pa nthaka umapha mbewu yonse pamodzi ndi tizilombo tokhala pamenepo. Madzi amasefa, ndipo ambiri amadya mgonero dzuwa lisanalowe kuopa kumeza kachilombo mumdima. Amonke awo amayenda ndi katsache kofewa kosesera pokhala.

Ndiye pali ichi chimene ine chinandidabwitsa kwambiri. Tirthankara, malinga ndi chiphunzitso chawo, anawoloka kale ndipo salowereranso pa za dziko lino. Sakupezera ntchito, sakuchiritsa, sakupatsa banja. Mjaini akagwada pamaso pa chiboliboli chake amakhala akudzikumbutsa mtundu wa munthu amene iye akufuna kudzakhala. Zoona, m'makachisi ambiri mulinso timilungu tina tomwe anthu wamba amapemphako za malonda ndi za ana, poti munthu ndi munthu. Koma mwini kachisi, amene wakhala pakatipo, alibe choti akupatse.

Masitepe oposa 3,500, m'mimba muli gwa

Tibwerere ku Palitana. Dzina loti Shatrunjaya limatanthauza kugonjetsa adani, ndipo adani akewo ndi anayi a mumtima: mkwiyo, kudzikuza, chinyengo ndi umbombo. Kuti ufike pamwamba uyenera kuponda masitepe amiyala oposa 3,500. Anthu amanyamuka mbandakucha kuthawa dzuwa, ambiri atavala zoyera, ena osavala nsapato. Odzipereka sadya kalikonse ali paphiripo, amakadya akatsika. Okalamba ndi odwala amanyamulidwa pa machila otchedwa doli, kampando kolendewera pa mtengo komwe anthu awiri kapena anayi amasenza pa mapewa.

Kachisi wamkulu ndi wa Adinatha, amenenso amatchedwa Rishabha, Tirthankara woyamba. Mwambo umati iye anabwera paphiripa maulendo osawerengeka, ndipo pomukumbukira pali ulendo wina wotchedwa Navanu, pomwe munthu amakwera ndi kutsika phirilo ka 99. Ena amachita zimenezi m'milungu yochepa chabe, kawiri kapena katatu pa tsiku. Tangoganizani miyendo yake!

Dzinja la kumeneko likafika, kwa miyezi inayi ulendo umaima. Poyamba ndinkaganiza kuti amaopa kuterereka, koma chifukwa chachikulu ndi tizilombo. Mvula ikagwa nyongolotsi, nyerere ndi tina totero timadzaza m'njira, ndiye munthu woyenda angaziponde. Amonke nawonso miyezi imeneyi amakhala malo amodzi osayendayenda. Ndi chipembedzo chimene chimalolera kutseka malo ake opatulika kwambiri pofuna kupulumutsa nyongolotsi.

Pamwamba pomwepo, pafupi ndi akachisiwo, pali manda a munthu woyera wa Chisilamu wotchedwa Angar Pir. Mabanja osowa mphatso ya mwana amasiyapo timabedi ta makanda tating'onoting'ono. Koma musaganize kuti zonse ndi mtendere wokhawokha. Mu 2014 amonke a Chijaini anasala kudya pokakamiza boma kuti liletse kupha ziweto komanso kugulitsa nyama ndi mazira m'tauni ya Palitana, ndipo boma linamvera. Kwa Ajaini chinali chipambano. Kwa ogulitsa nyama ndi mabanja ena a m'tauniyo amene si Ajaini, kuphatikizapo Asilamu, inali nkhani yokhudza mphika wawo.

Chuma cha anthu ophunzitsa kusiya chuma

Nanga anthu ochepa chonchi anamanga bwanji zinthu zodula chotere? Yankho lagona pa lamulo lomwe lija la kusavulaza. Khasu limapha tizilombo ta m'nthaka, ndipo usilikali ndiye wosachita kunena. Choncho Ajaini ambiri analowa malonda, kubwereketsa ndalama ndi kugulitsa miyala ya mtengo wapatali, ndipo analemera. Koma chipembedzo chomwecho chimawauzanso kuti asaunjike katundu. Njira imodzi yopepukitsira thumba inali kumanga akachisi, malo ogona apaulendo, ndi makola osungiramo ziweto zokalamba ndi zodwala.

Zotsatira zake mukaziona pa intaneti mungaganize kuti ndi zopangidwa pa kompyuta. Ku Mount Abu, m'chigawo cha Rajasthan, kuli akachisi a Dilwara. Woyamba, Vimal Vasahi, anamangidwa mu 1031 ndi nduna ya mfumu yotchedwa Vimal Shah. Wina, Luna Vasahi, anamangidwa cha m'ma 1230 ndi abale awiri, Vastupala ndi Tejapala. Kunja kwake sikukopa maso kwenikweni, koma mkati mwake denga ndi mizati ya mwala woyera wa nsangalabwi zinasemedwa mpaka mwala kupyapyala ngati nsalu ya lesi. Nthano ya kumeneko imati amisiri ankalipidwa molingana ndi kulemera kwa fumbi limene apala pa mwalawo, ndiye aliyense ankapalabe kuti malipiro akwere. Kujambula zithunzi mkatimo n'koletsedwa. Ukalowa umaona ndi maso, n'kutuluka nazo mumtima.

M'chigawo chomwecho muli Ranakpur, kachisi wa m'zaka za m'ma 1400 amene anamangidwa ndi wamalonda Dharna Shah m'nthawi ya mfumu Rana Kumbha. Ali ndi mizati 1,444, ndipo amati palibe iwiri yosemedwa mofanana. Chiboliboli cha Adinatha chili ndi nkhope zinayi, kuyang'ana mbali zonse zinayi za dziko.

Ndalama zimayendabe m'makachisiwa mpaka lero, ndipo njira yake ingakukumbutseni okushoni ya fodya. Mwayi wochita mwambo wina wake, monga kukhala woyamba kusambitsa chiboliboli, umagulitsidwa kwa amene watchula mtengo wokwera. M'makachisi ena mtengowo amautchula mu miyezo ya ghee, mafuta ochokera ku mkaka wa ng'ombe, ngakhale kuti polipira amapereka ndalama. Ena amati n'kudzionetsera, ena amati ndi njira yabwino yochotsera chuma m'manja mwa mwini wake. Ajaini enieniwo vutoli amalidziwa, ndipo ali ndi nthano yake.

Mfumu imene inapambana n'kusiya zonse

Nthanoyo ili kummwera kwa India, ku Shravanabelagola m'chigawo cha Karnataka. Pamwamba pa phiri la Vindhyagiri, utakwera masitepe oposa 600 ogobedwa pa thanthwe, umakumana ndi chiboliboli cha Bahubali, chotalika mamita oposa 17, chosemedwa pa mwala umodzi. Anachisemetsa ndi Chavundaraya, nduna komanso mkulu wa asilikali wa mafumu a Ganga, cha m'ma 981.

Bahubali anali mwana wa Adinatha uja. Bambo awo atasiya ufumu, iye anakangana ndi mkulu wake Bharata, nkhani yake yomwe ija timaidziwa ya abale kulimbirana za masiye. Pofuna kuti asilikali asafe, awiriwo anagwirizana zomenyana okha. Bahubali anapambana, koma pa nthawi yomweyo anachita manyazi kuti watsala pang'ono kupha mbale wake chifukwa cha dothi. Anasiya ufumu, anavula zovala, n'kukaima chilili m'nkhalango chaka chathunthu akusinkhasinkha. Anaima nji mpaka zomera zinayanga m'miyendo ndi m'mikono mwake, chiswe n'kumanga chulu pa mapazi ake. Zonsezi zinasemedwa pa chibolibolicho.

Pakatha zaka 12 zilizonse pamachitika mwambo wotchedwa Mahamastakabhisheka. Amamanga nsanja kumbuyo kwa chibolibolicho, anthu n'kukwera ndi mitsuko 1,008 ya madzi, kenako amathira pamutu pake mkaka, madzi a nzimbe, ufa wa chikasu ndi zonunkhira, chiboliboli n'kumasintha mtundu pamaso pa chikhamu cha anthu. Womaliza unachitika mu February 2018, ndipo wotsatira ukuyembekezeka mu 2030.

Nthano ija imati pa mwambo woyamba Chavundaraya, atadzazidwa ndi matama a ntchito yake, anathira mitsuko ndi mitsuko ya mkaka, koma mkakawo sunkafika kumapazi. Kenako kunabwera gogo wina wosauka ndi timkaka m'kachikho kakang'ono. Anthu anamuseka, koma atamulola kuthira, timkaka take tinayenderera thupi lonse mpaka kutsikira kumunsi kwa phiri. Gogoyo amamutcha Gullakayajji, ndipo chiboliboli chake chilipo pamalopo, moyandikana ndi cha Bahubali. Amene amapikisana pa okushoni ya mtsuko woyamba amadutsa pamaso pa gogo ameneyu pokwera.

Mkwati amene anamva kulira kwa ziweto

Nkhani ina imene sindiiwala ndi ya phiri la Girnar, ku Gujarat komweko. Neminatha, Tirthankara wa nambala 22, anali pa ulendo wopita ku ukwati wake pomwe anamva ziweto zikulira m'khola. Atafunsa, anamuuza kuti ndi ndiwo za pa phwando lake lomwelo. Anamasula ziwetozo, anabweza ngolo, n'kukwera phiri kukakhala mmonke. Mkwatibwi, Rajimati, naye pambuyo pake anatsatira moyo womwewo. Amene munaonapo mbuzi ndi nkhuku zitamangidwa kuseri kwa nyumba tsiku la ukwati lisanafike mukudziwa kulira kumene anamva.

Ku Girnar masitepe ndi pafupifupi 10,000 kukafika nsonga yomaliza. Mu 2020 anatsegulako tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba, tomwe timafikitsa munthu pamtunda m'mphindi zochepa. Kwa agogo ndi thandizo lalikulu. Koma funso limene likuvutitsa mapiri onsewa layambira pomwepa: ulendo umene phindu lake linali kuvutika, ukaupeputsa umatsala chiyani?

Phiri limodzi, eni awiri

Funsoli linaphulika ku Shikharji, phiri la Parasnath m'boma la Giridih, chigawo cha Jharkhand, kummawa kwa India. Kwa Ajaini ambiri awa ndiye malo opatulika koposa onse, chifukwa amakhulupirira kuti 20 mwa ma Tirthankara 24 aja anamasukira pomwepa. Ulendo umayambira m'tauni ya Madhuban usiku kusanache, anthu atanyamula matochi, ndipo kukwera, kuzungulira nsonga zonse ndi kutsika ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 27. Pa nsonga zambiri sipakhala chiboliboli. Umangopeza kanyumba kakang'ono, mkati mwake muli mapazi awiri osemedwa pa mwala, chizindikiro chakuti wina anaima apa n'kupita.

Mu 2019 boma la India linalengeza dera lozungulira phirili kukhala lotetezedwa pa zachilengedwe, ndipo chilengezocho chinalola ntchito zokopa alendo. Boma la Jharkhand nalo linaika malowa pa ndondomeko yake ya zokopa alendo. Pa pepala zinkaoneka zabwino: misewu, ntchito, ndalama m'dera losauka. Koma walira mvula walira matope. Ajaini anaona kuti alendo odzasangalala adzabwera ndi mowa, nyama, zoimbira ndi zinyalala pamalo pomwe iwo amaopa ngakhale kuponda nyerere.

Kumapeto kwa 2022 ndi kumayambiriro kwa 2023 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Delhi, Mumbai, Ahmedabad ndi mizinda ina. Mmonke wina, Sugyeyasagar, anasiya kudya potsutsa ganizolo ndipo anamwalira ku Jaipur pa 3 January 2023. Patangopita masiku ochepa mmonke wachiwiri anamwaliranso chimodzimodzi. Pa 5 January boma lalikulu linaimitsa ntchito zokopa alendo pamalopo, n'kulamula kuti malamulo oletsa mowa, nyama ndi nyimbo zaphokoso atsatidwe mwamphamvu.

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma ayi. Phiri lomwelo anthu a mtundu wa Santal, omwe ndi eni nthaka a m'deralo, amalitcha Marang Buru, kutanthauza phiri lalikulu, ndipo ndi dzina la mulungu wawo wamkulu. Iwo amapembedza m'nkhalango zopatulika, amapereka nsembe za ziweto, ndipo chaka chilichonse amachita mwambo wa uzimba wotchedwa Sendra paphiripo. Zimene Mjaini amaziona ngati tchimo lalikulu, kwa Msantal ndi kupembedza. Mkanganowu ndi wakale: unafika m'makhoti m'nthawi ya atsamunda a ku Britain, ndipo makhoti anavomereza kuti Asantal ali ndi ufulu wosaka mwa mwambo wawo. Choncho boma litangomvera Ajaini, Asantal nawo anatuluka m'misewu ndi ng'oma ndi mauta awo, kunena kuti phiri lawo likulandidwa.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti ambiri mwa amene amasenza machila a Ajaini okalamba pokwera Shikharji ndi anthu a m'midzi yomweyo yozungulira phirilo. Magulu awiriwa amadalirana tsiku ndi tsiku, wina pa mapewa a mnzake, wina pa thumba la mnzake. Ajaini ali ndi chiphunzitso chotchedwa anekantavada, chonena kuti choonadi chili ndi mbali zambiri ndipo munthu mmodzi saziona zonse. Pa Parasnath chiphunzitso chimenechi chikuyesedwa kuposa pena paliponse, poti amene akuona mbali inayo wanyamula uta.

Sizili kutali monga mukuganizira

Ambiri mwa mabanja a amwenye amene anakhazikika ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat, chigawo chomwe kuli Palitana ndi Girnar, ngakhale kuti ambiri mwa iwo ndi Asilamu ndi Ahindu. Mahatma Gandhi naye anali wa ku Gujarat. Iye anali Mhindu, koma asanapite kukaphunzira ku London analumbira pamaso pa mmonke wa Chijaini kuti sadzadya nyama kapena kumwa mowa, ndipo ali ku South Africa ankalemberana makalata ndi Shrimad Rajchandra, Mjaini amene ankamulangiza pa zauzimu. Kulimbana kosagwiritsa ntchito nkhanza komwe Gandhi anatchuka nako kuli ndi mizu ina m'nthaka imeneyi.

Ajaini ambiri a mu Africa ali ku Kenya, komwe anayamba kufika ngati amalonda zaka zoposa 100 zapitazo. Ku Mombasa kuli kachisi wawo woyera mbee amene anatsegulidwa mu 1963. Abale athu a ku Britain angathe kukaona wa ku Leicester, amene anapatulidwa mu 1988 m'nyumba yomwe kale inali tchalitchi.

Mukadzapeza mwayi wolowa mu mmodzi mwa akachisi amenewa, kaya ku Mombasa, ku Leicester kapena ku India mukapitako ku sukulu kapena ku chipatala, pali zoyenera kudziwiratu. Valani zofika m'maondo ndi zophimba mapewa. Musalowe ndi chakudya. Chilichonse cha chikopa, lamba, waleti kapena chikwama, chimatsala panja chifukwa chinachokera ku nyama yophedwa. Malo ena, monga Ranakpur, alendo amalowa masana okha eni ake akatha mapemphero a m'mawa. Musakhudze ziboliboli, ndipo funsani kaye musanajambule, poti safunsa anadya phula.

Ndiye pakhomo adzakupemphani kuti musiye nsapato, lamba, ndipo m'malo ena foni. Pa zitatuzi, ine ndikudziwa kale chimene chidzandivute kusiya, ndipo si nsapato.